Alendo a pa Magomero

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Blantyre kunka ku Zomba amaoloka mtsinje wa Namadzi. Akapatuka natsata mtsinjewo cha kum'mawa, afika pa malo otchedwa Magomero, m'boma la Chiradzulu. Pamenepo ndipo padamanga Angerezi oyamba amene adafuna kukhazikika m'dziko lino. Chinali chaka cha 1861, ndipo sadakhalepo ngakhale chaka chathunthu.

Masiku amenewo dziko linali lisali pa mtendere. Eni ake a mapiri a kumeneko anali Amang'anja, anthu olima mapira ndi thonje, oomba nsalu ndi osula makasu. Mafumu ao anali ambiri, koma panalibe imodzi yamphamvu yakuti onse aimvere. Tsono kuchokera kum'mawa, kuseri kwa nyanja ya Chilwa, kunali kufika Ayao, iwonso atapirikitsidwa kwao ndi nkhondo ndi njala. Anali kufuna minda ndi chakudya, ndipo ena a iwo anali ndi mfuti. Pakati pa mitundu iwiriyi panali kuyenda amalonda ochokera ku Tete, kwa Apwitikizi, ogula anthu ndi nsalu.

David Livingstone adayamba kuona dzikoli mu 1859, pamene adakwera mtsinje wa Shire ndi sitima nafika kwa mfumu Chibisa, pafupi ndi Chikwawa. Adabweranso mu Julaye 1861 pamodzi ndi Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake, amene adatumidwa ndi masukulu aakulu a ku Mangalande kudzayamba mishoni. Adasiya sitima kwa Chibisa nayamba kukwera mapiri pansi. Bishopuyo anali kuyenda ndi ndodo yake ya ubusa m'dzanja limodzi ndi mfuti m'dzanja lina.

Pa 16 Julaye adapumula pa mudzi wa Mbame. Ali pomwepo, padatulukira mndandanda wautali wa anthu omangidwa, ulendo wa ku Tete. Amuna anali m'magoli, ndiyo mitengo ya mphanda yotsekedwa pakhosi ndi chitsulo. Akazi ndi ana anali omangidwa ndi zingwe. Owayendetsa anali kunyada ndi mfuti zao, naomba malipenga polowa m'mudzi. Koma pakuona nkhope za Azungu adataya zonse nathawira kuthengo. Bishopu anali atapita kukasamba ku mtsinje, ndipo pobwera adapeza ntchito ili m'kati. Zingwe adadula ndi mipeni, koma magoli adavuta kufikira sowo itapezeka m'katundu wa Bishopuyo. Anthu omasulidwa tsiku limenelo adakwana 84. Akazi adauzidwa kuti atenge ufa umene adasenzera ambuye ao aphikire ana ao, ndipo nkhuni zake zinali magoli omwe aja.

Palibe munthu wa mtima angaipidwe ndi zimene zidachitika kwa Mbame. Chovuta chidadza pambuyo pake. Anthu aja adauzidwa kuti ali mfulu, apite kumene afuna. Nanga akadapita kuti? Midzi ya ena inali itatenthedwa. Ena adagulitsidwa ndi abale ao enieni, ndipo kubwerera kwao kukadakhala kudzipereka kuti agulitsidwe kachiwiri. Ambiri anali ana osadziwa ndi njira yomwe. Chotero adasankha kutsata Azungu. Azunguwo adakondwa kuti apeza anthu oyamba kuwaphunzitsa. Koma eni dziko adaona china. Mwa mwambo wa nthawi imeneyo, wolanda anthu m'manja mwa mnzake ndiye mbuye wao watsopano, ndipo munthu wokhala ndi mfuti ndi khamu la anthu pambuyo pake ndi mfumu, afune asafune.

Mfumu Chigunda ya pa Magomero idawaitana kuti akhale pa mudzi wake. Anzake oyandikana nayo anali kuthawa Ayao, ndipo iyo idati ikhala ngati alendowo akhala. Malowo anali ozingidwa ndi mtsinje mbali zitatu, osavuta kutchinga ndi linga. Akulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo Chigunda adaona kalumo kameneko m'mfuti za Azungu. Si kuti adalakwa. Mfumu iliyonse yosunga anthu ikadaganiza momwemo.

Asanathe mwezi wa Julaye, Livingstone adapita kukalankhula ndi Ayao, koma kulankhulako kudasanduka nkhondo ndipo anthu adafa. Atatero adalangiza Bishopu kuti asalowe m'milandu ya eni dziko, nabwerera ku sitima yake. Langizolo linali labwino, koma lidachedwa, pakuti dziko lonse linali litamva kale kuti Azungu ali mbali ya Amang'anja. Mafumu Chinsunzi ndi Kankomba adafika kudzapempha thandizo. Bishopu adawalumbiritsa kuti sadzagulitsanso munthu, iwo navomera msanga. Ndani akadakana, adani ali pakhomo? Mu Ogasiti Bishopu adatsogolera khamu la Amang'anja kukathira nkhondo Ayao cha ku Zomba, natentha misasa yao. Pobwerera adasenza pa phewa lake kamtsikana kotchedwa Daoma, kamene kadatsala kokha. Mu Okutobala adapitanso ku nkhondo ina.

Apa ndipo padagona cholakwa chachikulu. Alendowo adaweruza mlandu asanamve mbali zonse, ndiponso asanadziwe chinenero cha anthu amene anali kuwaweruza. M'mitima mwao adagawa dziko pawiri: Amang'anja ndiwo ozunzidwa, Ayao ndiwo ozunza. Koma m'mene adayamba kumva chinenero, anthu ao omwe a m'linga adawatsegula maso. Ambiri mwa omasulidwa aja anali Ayao. Ena adanena poyera kuti adagulitsidwa ndi Amang'anja. Kudadziwikanso kuti ena mwa amene adalumbira aja sadaleke malondawo, ndi kuti m'misasa yotenthedwa ija munali akazi ndi ana othawa njala, osati ankhondo okhaokha. Mmodzi wa amishoniwo, Henry Rowley, adalemba zimenezi m'buku lake mosabisa. Mitundu yonse iwiri inali ndi ogulitsa ndi ogulitsidwa, ndipo wopindula weniweni anali wamalonda wa nsalu uja.

Pa Magomero penipeni zinthu sizidayende bwino. Anthu adachuluka pa malo ochepa, madzi adaipa, chakudya chidachepa, ndipo matenda a kamwazi adatenga ana ambiri. Mu Januwale 1862 Bishopu adanyamuka ndi mnzake Henry Burrup kunka kumene Ruo athira mu Shire, kukachingamira mlongo wake ndi mkazi wa Burrup. Usiku wina bwato lao lidagubuduzika, ndipo mankhwala onse a malungo adamira. Bishopu adamwalira pa chilumba cha Malo pa 31 Januwale, naikidwa pafupi ndi Chiromo. Burrup adamnyamula kubwerera naye ku Magomero, kumene adamwalira mu Febuluwale.

Mu Epulo otsalawo adasiya Magomero natsikira kwa Chibisa. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amang'anja amene adadalira mfuti za alendo adatsala okha pamaso pa adani okwiya koposa kale. Chaka chomwecho mvula idakana, ndipo njala ya 1862 ndi 1863 idapha anthu osawerengeka m'chigwa cha Shire, mitembo niyandama pa mtsinje. Amishoni ena awiri, Scudamore ndi Dickinson, adafera komweko. Bishopu watsopano, William Tozer, adasamutsira mishoni ku phiri la Morambala, ndipo mu 1864 adapita nayo ku Zanzibar.

Tozer sadafune kutenga akazi ndi ana aakazi omasulidwa aja. Horace Waller, mmodzi wa oyamba aja, adakana kuwataya. Adatuluka mu mishoni napita nao ku Cape Town. Daoma adakulira kumeneko, nakhala mphunzitsi. Mnyamata wina wa Chiyao, dzina lake Chuma, adatsata Livingstone. Pamene Livingstone adamwalira kwa Chitambo mu 1873, Chuma ndi mnzake Susi ndiwo adatsogolera anthu amene adasenza mtembo wake miyezi yambiri kufikira ku Bagamoyo, ku gombe la nyanja ya mchere.

Angerezi adabweranso, ndipo ulendo uno sadachoke msanga. Mu 1891 adakhazikitsa boma lao. Dziko la Magomero lidagwa m'manja mwa banja la Alexander Low Bruce, mkamwini wa Livingstone, ndipo lidasanduka munda waukulu wa thonje ndi fodya. Anthu okhala pamenepo adayamba kulipira malo ndi ntchito ya thangata. Woyang'anira mundawo anali William Jervis Livingstone, amene anthu a John Chilembwe adamupha m'nyumba mwake pa Magomero pomwepo, usiku wa 23 Januwale 1915.