Chinangwa, kodikodi ndi thumba la boma

Kwathu ku Nkhata Bay nkhokwe yathu inali nthaka. Anzathu a ku Kasungu ndi ku Lilongwe ankakolola kamodzi pa chaka n'kumadya akusuzumira m'nkhokwe, pomwe ife chinangwa chinkangokhala m'munda mpaka tsiku loti tachifuna. Amayi ankazula mitengo ingapo, kusenda, kuviika masiku angapo kuti kuwawa kuchoke, kuyanika, kusinja, basi kondowole wapsa, ndiwo yake usipa kapena chigwada. Njala yogwira mudzi wonse tinkangoimva kwa alendo otsika m'sitima ya Ilala. Imene tinkaidziwa ife inali njala ya khomo limodzi: gogo amene ana ake anapita ku Joni kapena ku Harare n'kukhala matchona, mayi wamasiye, msodzi amene matenda amugoneka chaka chathunthu.

Njala yotereyi mpingo unkaikwanitsa. Ine ndinakulira mu CCAP ya Sinodi ya Livingstonia, mpingo umene unakhazikika m'dera lathu kuyambira pamene amishoni anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo ndinkawaona amayi a Umanyano akugawana makomo akaweruka pa msonkhano wawo. Wina ankatenga ufa m'kambale, wina mtolo wa nkhuni, wina kachidutswa ka sopo. Akafika sankangotula n'kubwerera ayi. Ankasesa pabwalo, kutunga madzi, kuchapa zofunda, ndipo ngati gogoyo ali ndi munda woti manja akumukanika, ankamuzulira chinangwa n'kumuviikira, wina n'kudzabweranso kudzavuula. Akatolika ankachita zomwezo m'miphakati yawo, a Anglican nawonso. Panalibe cholemba. Wosauka aliyense ankadziwika dzina, kwawo ndi chimene chinamugwetsa.

Zinasintha ndi kodikodi. Cha m'ma 1986 ndi 1987 tizilombo toyera timeneti tinalowa m'minda ya m'mbali mwa nyanja. Nsonga za chinangwa zinkapiringizika, masamba n'kuyoyoka, ukazula n'kupeza mizu yokhayokha. Chigwada chomwe chinasowa. Apa ndi pamene ndinaona koyamba amayi a Umanyano akupita kukacheza kwa odwala chimanjamanja, chifukwa kunyumba kwawonso kunalibe kanthu. Wopereka ndi wolandira anafanana. Kenaka kunabwera magalimoto a chimanga chaulere, anthu n'kuyamba kulembedwa mayina, ndipo ife amene tinkati nsima ya mgaiwa sikhalitsa m'mimba tinaima pa mzere ndi matumba athu. Kodikodiyo anadzachepa akatswiri atabweretsa timavu ting'onoting'ono tochokera ku South America todya tizilomboti, koma kaundula sanachokenso pakati pathu.

Pali akhristu ena amene amanena kuti chithandizo cha boma chinaononga anthu, chinawaphunzitsa ulesi. Ine mawu amenewa ndimawakana. Ndinaona ana amene akanafa chaka chimenecho, ndipo lero ndi makolo. Chilala cha 1992, chija tinadya chimanga chachikasu, palibe mpingo ukanachithetsa ndi mbale ya chopereka. Njala ya 2002 inapha anthu ambiri chigawo chapakati ndi kumwera, chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa, ndipo inationetsa zimene zimachitika boma likalephera ntchito yake. Mu 2024, pulezidenti wa nthawiyo a Lazarus Chakwera atalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha El Niño, kafukufuku wa MVAC anapeza anthu 5.7 miliyoni ofunika chakudya. Chiwerengero chotere n'cha nthambi ya boma ya DoDMA ndi bungwe la WFP, si cha madikoni. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006 n'kudzafalikira m'maboma onse, wathandiza agogo ambiri olera ana amasiye kugula sopo ndi makope. Ndalama zimenezi si mphatso ya wandale. Zina ndi msonkho umene ngakhale mayi wogulitsa usipa pa msika amalipira akagula shuga ndi mayunitsi, zina n'zochokera kwa abwenzi akunja, ndipo wosauka ali ndi ufulu wozilandira mutu uli m'mwamba.

Chimene chimandiwawa ndi chimene chinachitika mwa ife a mpingo. Masiku ano nkhani ya munthu wovutika ikafika pa bwalo la akulu a mpingo, mawu oyamba amakhala akuti, "Kodi ameneyu sali pa Mtukula Pakhomo?" Akati alipo, nkhani yatha. Akati palibe, timati tikauze amfumu adzamulembe ulendo wina, nkhani n'kuthanso. Kenaka timatembenukira ku za pepala Sande, matailosi a m'tchalitchi ndi zokuzira mawu.

Koma pitani pa bwalo la sukulu tsiku logawa chimanga. Ndinaonako gogo wina, dzina lake litaitanidwa, atadinda chala, ataloza thumba lake la makilogalamu 50. Anthu atabalalika iye anali chikhalire pa thumbalo, ndodo ili pambali. Amene amaidziwa Nkhata Bay akudziwa kuti ukachoka pa doko kulikonse n'chitunda, ndipo njira zopita m'midzi zimaterera nthawi ya mvula, yomwenso ndi nthawi yogawa. Mnyamata wa kabaza anamuuza mtengo. Gogoyo anamasula nsonga ya chitenje, munalibe kanthu, ndiye anagwirizana kuti akafika amupungulira chimanga. Kutsogolo kunali kukumudikira ndalama ya chigayo, nkhuni, madzi, ndiponso adzukulu ndi anansi amene sanalembedwe, omwe sangawamane poti amadya nawo chaka chonse. Thumba lolembedwa kuti n'la mwezi umodzi limatha sabata ziwiri. Zonse zimene zinkamusowa gogoyo tsiku limenelo ndi zomwe zija amayi athu ankachita popanda wowatuma.

Ndiye pali osalembedwa. Mtukula Pakhomo amatenga pafupifupi khomo limodzi pa makomo khumi alionse, ndipo aliyense wokhala pamudzi amadziwa kuti ovutikitsitsa amaposa pamenepo. Amatsala ndi amene samva bwino moti uthenga wa msonkhano sunawafike, odwala misala, obwera amene alibe mbale pafupi ndi olemba mayina, ndi ena amanyazi. Nthawi zina amalowa m'kaundula ndi anthu a nyumba zamalata ndi maukonde awo. Olembawo, kunena zoona, ambiri ndi akhristu anzathu, timakhala nawo benchi imodzi pa Sabata, ndipo timadziwa zimene achita koma timangoti zisatikhudze.

Nkhani imeneyi si yachilendo m'Baibulo. Pa Machitidwe 6 mpingo woyamba unakangana chifukwa amasiye a gulu lina ankadumphidwa pa kagawidwe ka chakudya, ndipo atumwi anasankhitsa amuna asanu ndi awiri oti ayang'anire ntchitoyo. Ambiri amati udikoni unayambira pomwepo, pa dandaulo la anthu osiyidwa. Nanga bwanji madikoni athu lero timangowadziwa ndi mbale ya chopereka ndi kukonza mabenchi? Ngakhale kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992, imene timaikumbuka chifukwa cha ndale za zipani zambiri, inadandaulanso za kusiyana kwa olemera ndi osauka ndi malipiro ochepa a anthu wamba. Iwo analankhula nthawi imene kulankhula kunali koika moyo pa chiswe. Ife tikulephera kufunsa funso limodzi pa msonkhano wa pamudzi.

Ndikufuna kuona dikoni atakhala pa msonkhano wolemba mayina, atanyamula mayina ake a anthu amene wawayendera yekha, n'kuimirira kunena kuti, "Amfumu, pepani, agogo a kuseri kwa chitunda aja mwawadumpha." Ndikufuna achinyamata a kwaya, amene amayenda mtunda wautali kukaimba ku Chintheche kapena ku Mzuzu, adzapezeke pa bwalo la sukulu tsiku logawa kuti asenze matumba a okalamba mpaka kuchigayo, ndipo ndalama yogayitsira ichoke m'thumba la mpingo.