Kugula kapena kubwereka: nkhani ya ma ski a mayi wa ku Dedza

Kwa munthu wokulira kumudzi, kubwereka kuli ndi manyazi ake. Wobwereka khasu chaka ndi chaka, kapena njinga ya mnzake tsiku lililonse la msika, anthu amamunena akangopotoloka. Mwana amakula akumva kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo chiphunzitso chimenechi amapita nacho kulikonse. Mayi wina wa ku Dedza, namwino amene wakhala zaka zisanu ndi chimodzi mumzinda wa Dundee ku Scotland, chidamutsatira mpaka kumeneko, n'kumusowetsa tulo pa funso limene abale ake kumudzi sakadalimvetsa: agule ma ski akeake, kapena azingobwereka?

Ma ski ndi timatabwa tiwiri titalititali, topyapyala, timene munthu amamangirira kumapazi n'kumatsetsereka nato paphiri lokutidwa ndi chipale chofewa, chimene ambiri amangoti sinowo. Mayiyu sadawafune yekha masewerawa. Mwana wake wamkazi, wa zaka zisanu ndi zinayi, ndiye ankabwera kusukulu ndi nkhani za anzake opita kumapiri Loweruka. Mayiyo adaona kuti akapanda kuphunzira nawo, adzakhala wongoima m'munsi mwa phiri atanyamula zikwama, mwana akukula m'moyo umene mayi ake saudziwa. Choncho onse awiri adalembetsa maphunziro ku Glenshee.

Glenshee ndi malo aakulu kwambiri mwa malo asanu a masewerawa m'mapiri a Scotland. Enawo ndi Cairngorm, The Lecht, Glencoe ndi Nevis Range. Ali m'mbali mwa msewu wa A93, pamene msewuwo umakwera kufika mamita 670. Njira zotsetserekamo zili ndi mitundu inayi ya zizindikiro: zobiriwira za oyamba kumene, zabuluu, zofiira, ndi zakuda za akatswiri. M'nyengo yake yoyamba mayiyu adapitako masiku anayi, ndipo tsiku lachinayi adatsika njira yabuluu osagwa.

Nyengo yozizira itatha, masitolo adatsitsa mitengo, monga amachitira chaka chilichonse. Adaona ma ski ofiira, okongola, ndipo mtima wake udakhala pamenepo. Koma munthu wozolowera kuwerengera mankhwala sagula chinthu asadagwire cholembera. Adatenga mtengo wa ma ski aja n'kuugawa ndi ndalama imene ankalipira pobwereka tsiku limodzi. Yankho lidatuluka masiku khumi ndi asanu. Kwa munthu wopita masiku anayi pachaka, ndiye kuti padutsa pafupifupi zaka zinayi ndalama yake isadabwerere.

Ngakhale masiku anayiwo sadali otsimikizika. Sinowo wa ku Scotland sapangana ndi munthu: amagwa lero, mawa mvula yamusungunula. Mphepo ikakula makina okweza anthu paphiri amaimitsidwa, ndipo sinowo akachuluka msewu umatsekedwa ndi zipata. Kawiri konse mayiyu adapempha tchuthi kuntchito, koma tsikulo litafika adakhala pakhomo. Wobwereka tsiku lotero sataya kanthu. Wogula amangoyang'ana katundu wake atatsamira khoma.

Chifukwa chachikulu adachimva kwa mphunzitsi wake. Ma ski a woyamba kumene amakhala aafupi, ofika cha m'chibwano akaimikidwa, ndiponso ofewa, kuti asavute kukhotetsa ndipo akhululukire phazi lolakwitsa. Munthu akasiya kutsika atatsegula zidendene ngati pulawo, n'kuyamba kuyendetsa ma ski onse awiri mogundizana, amafuna ataliko ndi olimbako. Wogula a oyamba amawaposa msanga, pamene wogula a akatswiri asadafikepo amalimbana nawo mpaka masewerawo kumuipira. Wobwereka amangosintha luso likamakula, ndipo amayesa mitundu yosiyanasiyana kufikira atadziwa umene umamuyenera.

Palinso nkhani ya zomangira, zitsulo zogwira nsapato pa ski. Zimenezi zidapangidwa kuti munthu akagwa moipa zimasule phazi, bondo lisapotokole. Mphamvu yake imachunidwa ndi nambala yotchedwa DIN, potengera kulemera kwa munthu, msinkhu, zaka, luso ndi kutalika kwa nsapato. N'chifukwa chake kobwereketsa amafunsa mafunso amenewa asadapereke katundu. Zikathina kwambiri sizimasula pakafunika. Zikakhwepa ski imachoka munthu ali pa liwiro. Monga namwino, mayiyu ankadziwa kuti mtsempha wa m'bondo ukaduka ndi miyezi yambiri munthu asakugwira ntchito, ndipo iye malipiro ake amadyetsa makomo awiri. Izi zidamuchotsa chilakolako cha ma ski akaunjika otsika mtengo a pa intaneti, pakuti zomangira zokalamba amisiri ena amakana n'kuzikhudza komwe.

Ndipo walira mvula walira matope. Ma ski a mwini amafuna kupakidwa phula kunsi kuti aziterera, mphepete zake zachitsulo zimafuna kunoledwa, ndipo zikasungidwa zonyowa zimachita dzimbiri. Amafuna malo m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, ndi malo m'galimoto. Wopita nawo ku mapiri a Alps pandege nthawi zambiri amawalipirira padera.

Komabe kubwereka kudali ndi zowawa zake zenizeni. Mzere wa m'mawa unkadya ola lathunthu la tsiku lalifupi kale, popeza m'miyezi imeneyo dzuwa limalowa msanga. Choipa kwambiri chidali nsapato. Nsapato za ski ndi zapulasitiki wolimba, zofika pakatumba, ndipo zobwereka zimakhala zitavalidwa ndi mapazi mazanamazana. Tsiku lina zinkamuthina zala mpaka kuchita dzanzi; tsiku lina chidendene chinkasewera mkati, ski osamvera. Mphunzitsi adamuuza kuti ngati pali chinthu choyamba kugula, ndi nsapato. Zimayezedwa ndi kutalika kwa phazi m'masentimita, ndipo wodziwa ntchito amatha kutenthetsa chamkati chake kuti chitenge maonekedwe a phazi la mwini. Phazi la munthu wamkulu silikula, choncho nsapato zabwino zimakhala zaka zambiri, ndipo kobwereketsa amangochuna zomangira kuti zigwirizane nazo. Kwa mwana nkhani ndi ina: phazi ndi msinkhu zimasintha chaka chilichonse, kotero kumugulira n'kutaya ndalama. Chipewa choteteza mutu chokha ndicho chidayenera kukhala chatsopano, chifukwa chimene chidamenyekapo chimatha kuwonongeka mkati kunja kukuoneka bwino.

Masamu onsewa adali omveka, koma mtima sudakhazikike. Mwezi womwewo kudabwera uthenga wochokera kumudzi: mwana wa mchemwali wake ankafuna fizi ya teremu yachitatu, ndipo njerwa za nyumba imene banjali likumanga ku Dedza zidali zitakhala mvula ziwiri zikudikira malata. Usiku wina mwana atagona, mwamuna wake adaona pepala la masamu lija patebulo.

"Mayi a mwana, masamuwa mwawatha kale, ndipo yankho mukuliona. Nanga chikukuvutani n'chiyani?"

Mayiyo adakhala chete kanthawi. "Bambo, nyumba ino ndi ya lendi. Chilolezo chokhalira m'dziko lino chili ndi tsiku lothera. Ngakhale yunifolomu ili ndi dzina la eni ake. Ndimafuna chinthu chimodzi kuno chimene ndingaloze n'kunena kuti ichi n'changa, ndidachigula chifukwa ndimachikonda."

"Zimenezo ndazimva," adatero bamboyo, "ndipo sindikuletsani. Ndalama ndi thukuta lanu. Koma kodi mwanayu akadzakula adzakumbukira kuti ma ski adali a ndani, kapena kuti amayi ake ankatsika naye phiri?"

Sadayankhe usiku umenewo. Kwa masiku angapo adalingalira za anthu amene ankawaona pamzere wobwereka. Ambiri adali eni dziko, ena a imvi, ena ofika pa magalimoto odula, ndipo palibe amene ankaoneka wamanyazi. Khasu la kumudzi limagwira ntchito miyezi yambiri, ndipo wobwereka amaimitsa ntchito ya mwini wake. Apo ndi pamene manyazi amachokera. Ma ski obwereka salanda munthu kanthu. Ndi malonda, ndipo wobwereketsayo amakondwa.

Loweruka lotsatira adapita kusitolo n'kukhala maola awiri akuyeza nsapato, mpaka adapeza zogwira chidendene popanda kufinya zala. Adagulanso zipewa ziwiri, chake ndi cha mwana. Ma ski ofiira aja adawasiya. M'kope lake adalemba pangano: nyengo imene adzakwanitse masiku khumi paphiri, n'kutsika njira yofiira mosaopa, adzagula. Ndalama yotsala idapita kumudzi, ndipo mwana wa mchemwali wake adalowa m'kalasi teremu itangoyamba.

Kwa a Chichewa okhala ku South Africa, masamu omwewa amalemera kwambiri mbali ya kubwereka. Malo a Afriski, m'mapiri a Maloti ku Lesotho, ali pamtunda wopitirira mamita 3,000, koma nyengo yake ndi ya June mpaka August basi, ndipo amadalira kwambiri sinowo wopangidwa ndi makina. Wopitako kamodzi pachaka safunika ngakhale nsapato. Zovala zofunda, magolovesi ndi magalasi oteteza maso n'zokwanira. Mafunso ake ndi omwewo kulikonse: masiku angati pachaka, luso lafika pati, ndipo ndalamayo ikudikiridwa ndi ndani?

Nyengo yachiwiri mayiyu adakwanitsa masiku asanu ndi limodzi, ndipo njira yofiira adaiyang'ana ali pamwamba n'kubwerera ku yabuluu. Panganolo likadali m'kope. Poyankhulana pa foni ndi amayi ake okalamba, adawaonetsa nsapato zija, n'kufotokoza kuti munthu sangayende nazo mumsewu kapena kupita nazo kutchalitchi. Gogoyo adaziyang'anitsitsa, adafunsa mtengo, adagwira pakamwa.

"Mwana wanga, ndiye wagula nsapato zosayendera?"

"Eya amayi, koma matabwa ake ndimabwereka."

"Bola pamenepo," adatero gogoyo. "Koma uzibweza msanga, eni ake angadandaule."