Kodi Akuimba Besi Pamenepo Ndani?

Abale anga owerenga tsamba lino, ambiri a inu mumandidziwa ndi mawu okha. Ndine uja amakuikirani nyimbo zakale pa wailesi Lamulungu madzulo, nthawi imene ng'ombe zalowa m'khola ndipo amayi akuomola nsima. Lero ndati ndigwire cholembera, chifukwa pali funso limene ndinafunsidwa ndipo ndinalephera kuyankha. Mwini funsolo anatisiya ndisanapeze yankho lake.

Ine ndinabadwira kutsidya, ku Dedza, makolo atathawa nkhondo. Mtendere utasainidwa ku Roma mu 1992 tinabwerera kuno ku Angonia ndi katundu wochepa: mapoto, makasu, mabulangete, ndi kathumba ka makaseti ka amalume. Amalumewo anali woimba besi, gitala ija ya nsambo zinayi zonenepa imene imalira pansi ngati mtondo ukusinjidwa kumudzi wina. Ankaimba m'kagulu kena kosangalatsa anthu m'maukwati kuyambira ku Ulongwe mpaka ku Domwe.

Mwa makaseti aja munali imodzi yolembedwa ndi bolopeni liwu limodzi lokha: Soul. Ili ndi dzina la nyimbo za anthu akuda a ku America, zimene zinakula m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 kuchokera ku nyimbo za m'tchalitchi ndi nyimbo zodandaula za blues. Liwulo limatanthauza mzimu. Mu kasetimo munali Otis Redding, Aretha Franklin, Percy Sledge, Marvin Gaye ndi The Temptations. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa kuti alireko usiku wina. Amalume Chingerezi sankachimva. Ankangogunditsa khutu ku wailesi, maso ali chitsinzinire, chala chikuyenda pantchafu.

Nditakula ndi kupeza ntchito youlutsa mawu, nyimbo zimenezi ndinazitenga kukhala zanga. Tsiku lina ndinaika My Girl ndi kulengeza monyadira kuti oimba ndi The Temptations, wotsogolera ndi David Ruffin. M'mawa mwake ndinapita kukazonda amalume, amene nthawi imeneyo anali kudwala. Ndinawapeza ali gone pamphasa kuothera dzuwa.

"Ndakumva dzulo," iwo anatero. "Mayina ukuwatchula bwino ndi Chizungu chako cha kusukulu. Nanga amene wayamba nyimbo ija ndani? Mawu asanamveke, akuimba besi pamenepo ndani?"

Ine ndinaseka. "Aa, malume, amenewo ndi ongoliza zida chabe. Ndani angawadziwe?"

Sanayankhe. Anangotembenukira kukhoma ndi kufunda. Ndili panjinga kubwerera ndi pamene ndinazindikira chimene ndanena, ndiponso munthu amene ndamuuza mawuwo. Chimanga chisanaume anamwalira. Pamaliro, amene anapereka mbiri yawo anati malemu ankaimba ndi uje, natchula dzina la woimba pakamwa wa gulu lija. Za besi palibe anatchula.

Tsono ndinayamba kufufuza, kuwerenga pa intaneti ndikaweruka ndi kufunsa okonda zimbale zakale. Yankho lake nali: James Jamerson.

Nyimbo ya My Girl inatuluka mu Disembala 1964 ku kampani ya Motown, mumzinda wa Detroit kumpoto kwa America. Kampaniyi anaiyambitsa Berry Gordy mu 1959 ndi madola 800 obwereka kwa abale ake. Situdiyo yake inali kachipinda kopanikiza kuseri kwa nyumba wamba. Oimba otchuka ankalowamo ndi kutuluka: lero The Supremes, mawa The Four Tops, mkuja Stevie Wonder. Koma panali amuna ena amene sankachoka, otchedwa Funk Brothers. Benny Benjamin anali pa ng'oma, Earl Van Dyke pa piyano, Robert White, Eddie Willis ndi Joe Messina pa magitala, Jamerson pa besi, ndi ena angapo. Ambiri a iwo anali akatswiri a jazi amene usiku ankaimba m'mabala a mumzindamo. Masana ankapatsidwa pepala longosonyeza mafupa a nyimbo, mnofu wake n'kumaikapo okha.

Jamerson ankakodola nsambo ndi chala chimodzi chokha, chamkombaphala. Akuluakulu amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, komatu chala cha bambo ameneyu chinavinitsa dziko lonse. Oimba besi ambiri nthawi imeneyo ankangoponda pamodzimodzi. Iye besi yake inkayenda, kukwera ndi kutsika, ngati munthu wachiwiri woyankha nyimbo. Komabe kwa zaka zoposa khumi mayina a amunawa sankalembedwa pa zimbale. Anayamba kulembedwa mu 1971 pa chimbale cha Marvin Gaye cha What's Going On. Chaka chotsatira, 1972, Motown inasamukira ku Los Angeles, ndipo ambiri a iwo anatsala m'manja muli mbee. Jamerson anatsatira konko, koma ntchito inanka nichepa ndipo mowa unamugwira. Anamwalira mu 1983 ali ndi zaka 47, besi yake itabedwa masiku ochepa m'mbuyomo.

Pali nkhani ina imene inandigwira kukhosi. Allan Slutsky, amene analemba buku la moyo wa Jamerson, anasimba kuti tsiku lina ankadya m'lesitilanti ndi Robert White, uja anaimba kagitala kokwera masitepe koyambirira kwa My Girl. Mwadzidzidzi nyimboyo inayamba kulira m'sipika. White nkhope inawala, nayamba kuuza woperekera zakudya kuti gitala imeneyo ndi yake. Koma anaimira pakati, poganiza kuti mnyamatayo amuyesa nkhalamba yobwebweta. White anamwalira mu 1994. Filimu yonena za gululi, Standing in the Shadows of Motown, inatuluka mu 2002, ndipo mphoto ya Grammy yolemekeza ntchito ya moyo wawo wonse inabwera mu 2004. Nthawi imeneyo Jamerson, Benjamin, Van Dyke ndi White anali atagona kale kumanda.

Nditadziwa za nyimbo imodzi ija, ndinati ndifufuzenso za ena a mu kaseti ya amalume. Otis Redding ankajambula kummwera, mumzinda wa Memphis, ku kampani ya Stax. Eni ake anali munthu ndi mlongo wake, Jim Stewart ndi Estelle Axton, ndipo situdiyo inali m'nyumba yakale yoonetsera kanema, pansi pake pali potsetsereka. Gulu la zida la kumeneko linali Booker T. and the M.G.'s. Linayamba mu 1962, malamulo a tsankho adakalipo, wakuda ndi mzungu osaloledwa kudyera malo amodzi. Akuluakulu amene anaona nthawi ya atsamunda akudziwa chimene ndikunena. Koma mu situdiyomo ankaimba limodzi. Odziwika kwambiri ndi anayi: Booker T. Jones pa ogani ndi Al Jackson pa ng'oma, akuda. Steve Cropper pa gitala ndi Donald Dunn pa besi, azungu.

Otis mwini wakeyo anayambira kumbuyo. Mu 1962 anafika ku Stax monga woyendetsa galimoto ndi wonyamula katundu wa woimba gitala wina, Johnny Jenkins. Ntchito ya Jenkins itatha kunatsala mphindi zochepa, ndipo Otis anapempha kuti aimbeko. Anaimba These Arms of Mine, Cropper akumuthandiza pa piyano. Kuyambira pamenepo anyamata aja anakhala msana wa nyimbo zake. Mukamamvera Otis akulira ndi kuchonderera, tcherani khutu kwa Al Jackson. Sathamanga, sadzionetsera. Amangogwira nthawi ngati mzati, kuti woimbayo atsamire osagwa.

Pa 10 Disembala 1967 ndege imene Otis anakwera inagwera m'nyanja ya Monona ku Wisconsin. Anali ndi zaka 26. Izi okonda soul onse amazidziwa. Zimene ine sindinkadziwa ndi zakuti m'ndegemo munaferanso anyamata anayi a gulu la Bar-Kays amene ankamuimbira zida paulendowo: Jimmy King wa gitala, Ronnie Caldwell wa ogani, Phalon Jones wa sakisofoni ndi Carl Cunningham wa ng'oma. Onsewa anali asanakwane zaka 20. Wopulumuka anali mmodzi yekha, Ben Cauley wa lipenga. Ine ndakhala ndikukumbukira tsiku limeneli pa wailesi chaka ndi chaka, koma ndinkalira maliro a munthu mmodzi. Anyamatawo anali ndi amayi awonso.

Nanga Aretha Franklin? Mayi ameneyu anakhala zaka zisanu ndi chimodzi ku kampani ya Columbia ali ndi mawu omwewo, koma dzina lake silinkamveka patali. Mu Januwale 1967 Jerry Wexler wa kampani ya Atlantic anapita naye ku Muscle Shoals, katauni kakang'ono m'dera lolima thonje ku Alabama, ku situdiyo ya FAME ya Rick Hall. Oimba zida a kumeneko anali anyamata achizungu okulira kumidzi yozungulira. Nyimbo imene ankafuna kujambula, I Never Loved a Man, inkakanika kuyamba, aliyense akungoyang'ana mnzake. Kenaka Spooner Oldham anagunda timawu tochepa pa piyano yamagetsi, Roger Hawkins analowa ndi ng'oma, Aretha nayenso anagwira piyano yake, nyimbo n'kuimirira. Chaka chomwecho dziko lonse linamudziwa Aretha. Oldham ndi Hawkins omwewa ndi amene akumveka pa When a Man Loves a Woman ya Percy Sledge ya 1966, nyimbo imene amalume ankaibwereza mpaka tepi inadyedwa.

Musandimve molakwa, abale. Sindikuchepetsa oimba pakamwa. Mawu a Aretha palibe piyano ingalowe m'malo mwake, ndipo Otis akamaimba ngakhale wosamva Chingerezi amadziwa kuti munthuyu mtima ukumupweteka. Ndikungonena kuti mutu umodzi susenza denga. Ife alimi tikudziwa bwino. Munda wa mbatata ukachita bwino timati taonani munda wa auje, osatchula aganyu amene anapalira ndi kuundira mizere. Oimba zida a m'situdiyo anali aganyu a nyimbo. Ankalipidwa pa ntchito ya tsikulo, ena ndalama yooneka ndithu, koma chimbale chikagulidwa mamiliyoni dzina ndi phindu lalikulu zinkapita kwina.

Chimene chimandichititsa manyazi n'chakuti chilankhulo chathu chinali chitandiuza kale zimenezi. Pa Chipwitikizi pali cantar ndi tocar, mawu awiri osiyana, wa pakamwa kwake wa zida kwake. Chingerezi chimasiyanitsanso. Koma m'Chichewa chathu timati kuimba nyimbo, kuimba ng'oma, kuimba gitala. Onse ndi oimba. Pabwalo la gule maso onse amakhala pa wovina, koma wa mbalule akaphonya gule amaima, ndipo mudzi wonse umadziwa dzanja la ndani likusowa. Amalume, amene sanapite patali ndi sukulu, ankamvera soul ndi makutu amenewo. Ine wa zilankhulo zanga ndinkangomva wakutsogolo.

Masiku ano ndikaika nyimbo ndimatchula wa pakamwa, kenaka wa besi, wa ng'oma, wa gitala, ngati ndawapeza. Omvera ena adandaula kuti ndikutha nthawi ndi mayina ovuta. Pepani, ndipitiriza. Ndipo ndili ndi pempho kwa inu. Nyengo ya maukwati ikafika, mukamafupa woimba amene wagwira maikolofoni, yang'ananinso kumbuyo kwake. Pali mnyamata wakhala pa ng'oma kuyambira m'mawa, thukuta lili kamukamu. Pali wina waima pakona ndi besi ya nsambo zomangamanga. M'funseni dzina. Mukamaponya kangachepe m'mbale, nenani kuti aka n'ka wa besi. Chimodzimodzi kukwaya ya kutchalitchi.

Lamulungu likubwerali ndidzayamba pologalamu ndi My Girl. Ndikupemphani kuti ana akhale chete pang'ono poyambirira penipeni. Mudzamva kugunda kwa pansi, ngati mtima wa munthu. Ameneyo ndi James Jamerson. Kenaka gitala idzakwera masitepe. Ameneyo ndi Robert White. Mawu a David Ruffin adzabwera pambuyo pake.

Malume, yankho lanu ndi limenelo. Ndachedwa nalo, mundikhululukire.

Tsalani bwino nonse, tikumane pa wailesi.