NKHANU MU MZINDA WOPANDA MTSINJE

Mzinda wa Lusaka unamangidwa pa malo ouma. Pamene njanji yocokera ku Livingstone inafika kuno m'caka ca 1905, panalibe nyanja kapena mtsinje waukulu, koma dziko la miyala ndi udzu pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka. Boma la atsamunda linasamutsira likulu lace pa malo amenewa mu 1935, ndipo kufikira lero madzi ambiri amene anthu a mu mzindawu akumwa acokera m'zitsime zakuya ndi m'mipope yocokera ku mtsinje wa Kafue, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 50. Nyanja yamcere iri kutali koposa: galimoto yopita ku doko la Beira kudzera ku Chirundu, Harare ndi Mutare iyenda makilomita opitirira 1,000. Cifukwa cace munthu akamva fungo la nkhanu likuturuka pa zenera la nyumba ina ku Kabwata kapena ku Woodlands, sacimwa akafunsa kuti nkhanuyo yadzera njira iti.

Wofuna yankho ayambe pakati pa mzinda. Kumadzulo kwa mseu wa Cairo, kupyola Cha Cha Cha ndi Freedom Way, kuli City Market ndi msika wa Soweto, kumene ndiwo za dziko lonse la Zambia zikumana. Kapenta wa ku Mpulungu ndi wa ku Siavonga aunjikidwa m'matumba, bukabuka ali pambali pace, nsomba zouma za ku Mongu ndi za ku Luapula zamangidwa m'mitolo, ndipo amai ogulitsa aitana wogula ali yense ndi ulemu wa "amai" kapena "atate" kufikira atatsegula cikwama. Munthu angathe kuzungulira mizere yonseyi kuyambira m'mawa kufikira dzuwa liri pamutu osaona tebulo la nkhanu. Akafunsa, ena aseka, ena amuuza kuti apite ku Kafue, ena amlozera ku masitolo a anthu olemera. Mayankho atatuwa ndi oona onse, pakuti nkhanu zimene zilowa m'mapoto a mu Lusaka ziri za mitundu itatu, ndipo uli wonse uli ndi dera lace.

Yoyamba ndi nkhanu ya kumudzi, ndipo wofuna kumva za iyo akwere basi ya ku Chelstone. Derali liri pa mseu waukulu wopita kum'mawa, ndipo thanki yace yaitali ya madzi ndiyo cizindikiro cimene apaulendo ocokera ku Nyimba, Petauke, Katete ndi Chipata aona nadziwa kuti afika. M'nyumba zambiri za kuno muli anthu amene anakulira m'mbali mwa timitsinje ta kum'mawa, ndipo kwa iwo nkhanu si cinthu cacilendo ai. Iri kanyama kakuda, kocepa kuposa cikhato ca mwana, kokhala kunsi kwa miyala ndi m'mauna a m'mbali mwa madzi. Anyamata obusa ng'ombe anali kugubuduza miyala, kuigwira ca kumsana kuti ingawapane cala, ndi kuioca pa makala mpaka cigoba citafiira. Anali kutafuna zonse pamodzi, miyendo ndi cigoba comwe. Koma nkhanu yotere siinali ndiwo ya mlendo. Mai amene akanaika mbale ya nkhanu pamaso pa apongozi ace akanapatsa mudzi nkhani ya mwezi wathunthu. Inali cakudya ca ana, ca kudambo, ndiponso ca masiku amene ndiwo zasowa, ndipo ambiri anaisiya kumudzi pamodzi ndi legeni ndi misampha ya mbewa. Timitsinje tapafupi ndi mzinda, monga Ngwerere, tilandira madzi oipa ocokera m'makomboni, kotero kuti kholo lanzeru siliyenera kulola mwana kukasaka ndiwo kumeneko.

Kucoka ku Chelstone kupita ku Kabulonga ndi ulendo waufupi, koma nkhanu isintha dzina ndi mtengo panjira. Kabulonga ndi Woodlands ndi madera a mipanda yaitali ndi mitengo ya jakaranda, kumene akazembe, akulu a makampani ndi alendo a maiko ena akhala. Kuno nkhanu ndi ya ku nyanja yamcere. Yaikulu koposa ndi ija ikhala m'matope a m'mphepete mwa nyanja ya India, ku Mozambique ndi ku Tanzania, imene imodzi yokha ingathe kulemera kilogalamu. Ifika ku Lusaka itaumitsidwa ndi cisanu, nigulitsidwa m'masitolo a nsomba ndi kwa amalonda a ku China, pa mtengo umene ungagule kapenta wodyetsa banja masiku ambiri.

Kaphikidwe kace kochuka ndi ka ku gombe la Mozambique. Wophika acotsa cigoba ca pamsana, nataya tinthu totuwa tonga nthenga timene nkhanu ipumira, pakuti sitidyedwa. Atsuka thupi, nalidula pakati, naphwanya pang'ono zala zace zazikulu zopanira ndi msana wa mpeni kuti msuzi ulowe. M'poto akazinga anyezi, adyo ndi matimati, naikamo tsabola ndi zokometsera zimene amalonda a ku Kamwala agulitsa, kenaka nkhanu, ndipo potsiriza athira mkaka wofinyidwa ku kokonati. Poto iwira pa moto wocepa kwa mphindi 20 kapena kuposerapo. Wophikira mu Lusaka aonjezere nthawi pang'ono, cifukwa mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupi-fupi 1,280, ndipo pa malo okwera cotero madzi awira asanatenthe monga acitira ku gombe. Cakudyaci cidyedwa ndi mpunga, ndipo cilibe ulemu wa pa tebulo: foloko igonja msanga, manja adetsedwa mpaka m'zigongono, ndipo nyama yoyera yobisika m'timapanga ta cigoba ipezedwa ndi munthu wodekha yekha.

Pali cinthu cimodzi cimene mlendo wa pa tebulo saona kawiri-kawiri. Manja amene aphwanya zigobazi nthawi zambiri ndi a mai wanchito wocokera ku Mtendere, Kalingalinga kapena Bauleni, amene walawira mbandakuca wapansi. Angakhale mwana wa ku Katete amene anadziwa nkhanu asanadziwe sukulu. Tsopano aphika mbale wace wa nkhanu yomweyo, imene akulu a kwao anali kuinyoza, naiona ikulandira ulemu woposa wa nkhuku. Madzulo abwerera kwao kukaphika repu ndi kapenta.

Nkhanu ya kunyanja iri ndi mdani mmodzi mu mzinda uno, ndiye kuzima kwa magetsi. Nyama yace ionongeka msanga kuposa nsomba, ndipo ikasungunuka ndi kuumanso ingathe kudwalitsa nyumba yonse. M'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi a m'nyanja ya Kariba ndipo President Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko liri pa ngozi, madera ambiri a mu Lusaka anali kukhala maola 17 kapena kuposerapo pa tsiku opanda magetsi. M'miyezi imeneyo furiji inasanduka kabati wamba, ndipo wogula nkhanu anayenera kudalira mphuno yace koposa mau a wogulitsa. Lamulo lace silinasinthe: nkhanu yonunkha mkodzo, kapena imene nyama yace yafewa ngati phala, ipite ku dzala.

Mtundu wacitatu ndiwo uli ndi mlandu weni-weni, ndipo ndiwo ulikugogoda pa zitseko za anthu wamba. Kunena zoona si nkhanu, ngakhale ambiri aicha conco posowa dzina lina, ndipo Abemba ndi Atonga aipatsa dzina lao la inkala. Azungu aicha crayfish. Iri ndi thupi lalitali lobiriwira, ndevu zazitali, mcira wonenepa, ndipo yamphongo iri ndi banga lofiira pa cala copanira. Kwao ndi kumpoto kwa Australia ndi ku New Guinea. Mitsinje ya pa mtunda wa Africa inalibe nyama ya mtundu umenewu. Anthu anaibweretsa kuti aziiweta m'maiwe, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 inapezeka itamasuka mu mtsinje wa Kafue ndi m'nyanja ya Kariba. Kucokera pamenepo yaswana kwambiri, ndipo yafika ngakhale ku cigwa ca Barotse.

Asodzi a pa Kafue ndiwo adziwa kuwawa kwace. Msodzi achera ukonde madzulo, ndipo usiku nyamazi zikwera pa nsomba zokodwa ndi kuzidya maso, mimba ndi zipsepse. M'mawa abvuula nsomba zopunduka zimene wogula sangazilandire, ndiponso ataya nthawi kumasula alendowa amene adzikulunga m'ukonde naung'amba. Ena mwa asodzi anaona kuti kuli bwino kugulitsa wakubayo. Wapaulendo wodzera pa mlato wa Kafue kapena wocokera ku Siavonga angathe kupeza ndowa za nyamazi zamoyo, ndipo ogula oyamba anali anthu a ku China ndi eni mahotela. Pang'ono-pang'ono ndowa zina zayamba kutsikira m'madera onga Kabwata.

Kabwata ndi dera lakale la anchito. M'mbali mwa mseu wa Burma muli nyumba zozungulira zofolera ndi udzu, zotsala mwa zija Boma la atsamunda linamangira amuna acikuda obwera kudzagwira nchito m'tauni opanda mabanja ao, ndipo kuyambira mu 1974 zakhala mudzi wa amisiri osema ndi oluka. Kuseri kwace kuli nyumba zosanjikizana ndi timabwalo tating'ono, kumene mbaula iyaka madzulo ali onse ndipo cimene ciri m'poto ya nyumba imodzi cidziwika ku nyumba zisanu. Mai wofika ndi ndowa ya nyama za ndevu pa malo otere asayembekeze kuphika mwacinsinsi. Ana asonkhana, anzace a pafupi aima capatali manja ali m'cuuno, ndipo pasowa wonena kuti zimenezo ndi zinkhanira za m'madzi.

Komabe nchito yace ndi yopepuka. Zamoyo zokha ndizo ziphikidwa, ndipo yakufa kale itayidwa popanda kukambirana. Ziikidwa m'madzi oyera kwa maola angapo kuti matope acoke, kenaka ziponyedwa m'madzi owira a mcere kufikira zonse zitafiira, mphindi ngati khumi. Zikazizira, wophika apotokola mcira, nausenda, nasolola kamtsempha kakuda ka pamsana. Nyama yotsalayo ndi yocepa poyerekeza ndi mulu wa zigoba, ndipo apa ndi pamene mai wowerengera ndalama adandaula, pakuti ndowa yodzaza ibala mbale imodzi. Koma mbale imeneyo imvana ndi kaphikidwe ka kuno. Yokazinga ndi anyezi ndi matimati ipita bwino ndi nsima. Yoikidwa m'cigwada cotendera, pamene nsinjiro zapsa ndipo mafuta ayamba kuoneka pamwamba, ifanana ndi matapa a ku Mozambique, amene ali masamba a cinangwa omwewo ophikidwa ndi nsinjiro, kokonati ndi nkhanu. Wanzeru sataya mitu: aiwiritsanso, nasefa madzi ace, nathira m'ndiwo m'malo mwa madzi a pa mpope.

A zaumoyo acenjeza zinthu ziwiri. Nkhanu ya m'madzi opanda mcere isadyedwe yosapsa, cifukwa m'maiko ena a mu Africa, monga Nigeria ndi Cameroon, nkhanu zosapsa zapatsira anthu nyongolotsi za m'mapapo zimene zitsokomoletsa magazi ngati cifuwa cacikulu. Ndiponso alipo anthu amene thupi lao lidana ndi nyama za zigoba: akadya, milomo itupa, thupi liyabwa, mpweya ubanika, ndipo wotere athamangitsidwe ku cipatala nthawi yomweyo. Kuyera kwa mtsinje nakonso kuli ndi mau pa nkhaniyi. Mu February 2025 dziwe la zinyalala za mgodi linagumuka ku Chambishi, madzi a asidi nalowa m'mitsinje yothira mu Kafue, nsomba zambiri nizifa. Nyama yodya za pansi pa mtsinje ifuna wogula wofunsa kumene yagwidwa.

Si nyumba zonse zimene zidzatsegula citseko. A mpingo wa Seventh-day Adventist, amene ali ambiri mu Zambia, atsata lamulo la m'buku la Levitiko loletsa za m'madzi zopanda mamba ndi zipsepse, ndipo kwa iwo nkhanu iri pamodzi ndi mlamba ndi nkhumba. Ena alibe lamulo liri lonse, koma maso ao akana cinthu ca miyendo khumi. Wophikira alendo acite bwino kufunsa poto isanakwere pa moto.

Akulu ena akumbukira kuti kapenta wa ku Siavonga nayenso ndi mlendo. Anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika ndi kuikidwa mu Kariba m'zaka za 1967 ndi 1968, ndipo lero mwana wa ku Kabwata aganiza kuti anakhalamo ciyambire. Kusiyana kwace ndi kwakuti kapenta anaitanidwa, nafika kwa anthu odziwa kale kukoma kwace, pamene uyu wa ndevu anadzilowetsa yekha nayamba ndi kuba m'maukonde. Akatswiri a za nsomba aona kuti nyama yotere ikakhazikika mu mtsinje waukulu siicotsedwanso, ndipo apempha anthu kuti asaisamutsire yamoyo ku madamu ndi mitsinje ina. Cotsala kwa msodzi wa pa Kafue ndi kupeza woigula. Mahotela ndi nyumba za ku Kabulonga atenga zocepa. Mapoto ambiri ali ku Kabwata, Chilenje, Matero ndi Chelstone, ndipo m'menemo mai ayang'anabe ndowa ija kawiri asanafunse mtengo.