Ku Chinika Kuli Datsun Yokana Kupita pa Sikelo

Mukachoka mu Lumumba Road n'kulowa mu Mumbwa Road, tauni ya masuti yathera pomwepo. Kutsogolo ndi Chinika: mipanda italiitali ya mafakitale, malole a simenti, anyamata okankha mawilibala odzaza zitsulo zakale, ndi fumbi la mu October limene limalowa mpaka m'mano. Kumanzere, kumene mafakitale amagundana ndi nyumba za Kanyama, kuli kanjira kopanda tala. Mukapitirira sikelo ya ogula zitsulo ndi kantemba ka amai ogulitsa nsima ndi kapenta, mudzamva Subaru ikuguguda kuseri kwa geti ya malata. Mwafika. Garaji iyi ilibe chikwangwani, koma anyamata okonda sipidi mu Lusaka amaidziwa.

Ndinapita kumeneko pa Chiwelu, kuperekeza mnzanga amene Altezza yake inali kudya oilo monga munthu wa ludzu. Mwini garaji ndi mwamuna wamfupi, wa imvi, wovala ovolosi imene mtundu wake unaiwalika kalekale. Onse amangomuitana kuti ba mudala. Sanatipatse dzanja, anatipatsa chigongono, chifukwa manja anali bii ndi girisi.

M'bwalo munali Subaru Impreza ziwiri, Mark X imodzi yotsitsidwa mpaka mimba kukhudza pansi, ndi Altezza ina yopanda injini. Zonse zinabwera zogwirapo kale nchito ku Japan, pa sitima mpaka Dar es Salaam, kenaka pa mseu kudzera pa Nakonde. Eni ake amakhala ku Kabulonga ndi ku Ibex Hill, koma motoka ikadwala amatsikira kuno ku fumbi.

Ba mudala anatiyendetsa pakati pa odwala awo monga dokotala mu wadi. Anatiuza kuti kuguguda kwa Subaru, kumene anyamata amakufera, si matsenga. Injini yake ndi yogona, mapisitoni awiri kumanja awiri kumanzere, ndipo mapaipi a ekizozi amene amachoka mbali ziwirizo si ofanana kutalika, ndiye utsi umatuluka modumphadumpha. Anatiuzanso chimene chimapha mamotoka awa pa Zed. Munthu athamanga kuchoka ku Kafue, afika, azimitsa injini pomwepo turbo ikali yofiira, oilo ipsa mkati. Wina agula oilo yotchipa ya m'zigubu za pamseu. Wina aiwala timing belt mpaka iduke, mavalavu agundane ndi mapisitoni.

"Bagula motoka ya sipidi, koma ndalama ya sevisi balibe," anatero. "Manje bakabwela kuno bafuna nichite vozizwitsa."

Iwo sanayambire pa mamotoka a turbo. Anayamba ali spana boyi, kutsuka mabawuti mu beseni ya palafini. Masiku amenewo mseu unali wa Fiat, zimene Livingstone Motor Assemblers inali kumanga konkuno kwathu kuyambira zaka za m'ma 1970, ndi wa Peugeot 504 imene inali kunyamula anthu, mbuzi ndi matumba a chimanga osadandaula. Bwana wawo woyamba sanawalole kukhudza silinda hedi kwa zaka zitatu. Pambuyo pake analemba trade test, napeza nchito ya malipiro.

Chimene chinasintha moyo wawo ndi rally. Inali nthawi imene Satwant Singh anali kulamulira mipikisano ya Africa. Mwamuna uja anatenga chikho cha African Rally Championship kasanu ndi katatu, kuyambira 1988 mpaka 2000, ndipo mwana aliyense wa mu komboni wokoka kamotoka ka mawaya anali kudzitcha dzina lake. Ba mudala analowa mu gulu la amakanika la timu ina yaing'ono. Nchito yawo inali kudikira m'tchire ndi jeki ndi masipana, motoka ikafika yothyoka, aikonze wotchi ikuwerenga. Kumeneko ndiko anaphunzira kusintha shoki yotentha ndi manja okulunga nsanza, ndi kudziwa vuto la injini motoka ikali kutali, pongomva kulira kwake.

Zaka zonsezi akonza sipidi ya anthu ena. Iwo madzulo amasamba m'manja ndi sopo ya ufa ndi mchenga, n'kukwera basi kupita ku Matero.

Mnzanga atayamba kukangana ndi anyamata za mtengo wa mapisitoni ringi, ba mudala anandikodola. Kumbuyo kwa garaji, pansi pa denga la malata atatu, panali chinthu chofunditsidwa tenti ya lole. Anaivundukula pang'onopang'ono.

Inali Datsun 1600 SSS. Thupi la makona anai monga bokosi la machisa, malaiti anai ozungulira kutsogolo, penti ikali ya pansi yotuwa. Achinyamata a lero akhoza kuipitirira osayang'ana kawiri. Koma motoka ya mtundu uwu ndi imene inapambana East African Safari Rally mu 1970, woyendetsa ali Edgar Herrmann ndi mnzake Hans Schuller, m'matope ndi m'miyala imene inathyola mamotoka a ku Ulaya. Injini yake ndi L16, ya malita 1.6, ya tcheni m'malo mwa lamba, ndi makabureta awiri. Imakoka ndi mawilo a kumbuyo, ndipo wilo lililonse la kumbuyo limadumpha palokha, chinthu chimene masiku amenewo munali kuchipeza kwambiri pa mamotoka odula.

Ba mudala anaipeza pa famu ina ku Chisamba zaka 11 zapitazo, atapita kukakonza pampu. Inali pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa kumbuyo. Injini inali itagwirana. Anathira dizilo ndi oilo ya giya m'mabowo a mapulagi, kudikira milungu, kugogoda pang'ono ndi thabwa, kuthiranso, mpaka tsiku lina pisitoni inavomera. Pansi pa motoka panali patadyeka ndi dzimbiri moti munthu akanaponda mseu ali mkati. Anadula zonse, kupinda malata atsopano pa njanji yakale, kuwotcherera kachigamba kamodzi kamodzi.

Masipeya ndiye nkhani ina. Mukalowa m'mashopu a mu Freedom Way n'kutchula SSS, mnyamata wa pa kauntala amakufunsani ngati ndi Toyota. Mwai wake ndi wakuti injini za mtundu wa L zinalinso m'mavaneti ena a Datsun 620, ndiye ba mudala ayenda m'mayadi a zitsulo kuchokera ku Chawama mpaka ku Kabwe, kufuna vaneti yakufa imene ingapereke pampu ya madzi kapena disitiributa. Malaiti a kumbuyo anawabweretsera dalaivala wa lole kuchoka ku Johannesburg, atakulunga m'bulangeti. Galasi la kutsogolo akali kulifuna mpaka lero.

Mu 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, malaiti anali kubwera usiku, nthawi zina maola ochepa chabe. Ba mudala anayamba kugona pa garaji. Babu ikayaka pa 02:00, amadzuka, ayamba ndi nchito za makasitomala, ndipo ngati kwatsala mphindi, awotcherera Datsun.

Ndinaona kuti motoka yakhala pa mabuloko anai anai, pamwamba kwambiri. Anandilozera khoma. Panali mzere wakuda wofika m'mawondo. Aliyense wa ku Kanyama amaudziwa mzere umenewo. Pansi pano ndi mwala, malo ndi athyathyathya, mvula ya January ikagwa madzi alibe kopita. Chaka china analowa usiku, anaononga mipando imene anali atangoisoketsa.

Koma manje chimene chiwasowetsa tulo si madzi. Mwini pulote apeza munthu wofuna kumangapo nyumba yosungiramo katundu, ndipo wawauza kuti chaka chikatha achoke. Subaru zili ndi eni ake, zidzatsatira ba mudala kulikonse. Datsun yopanda galasi, yopanda mabuleki, yopanda mapepala a RTSA, iyenera kukokedwa, ndipo ku Matero nyumba ya lendi ilibe malo. Mwana wawo wamkazi ali chaka chachiwiri ku sukulu ya unesi, fizi ya January ikudikira. Kasitomala wina wa Mark X watchula kale mtengo, mtengo wabwino ndithu, akufuna aichotse injini yakale aikemo ya turbo. Anyamata a pa sikelo nawo amasuzumira pa geti n'kufunsa mwanthabwala kuti ilemera makilo angati. Kunyumba, amai anafunsa funso limodzi chabe: kodi motoka imene siyenda ingalipire mwana sukulu?

Ndinawafunsa kuti anayankha bwanji.

"Sininayankhe," anatero. "Bamai bako bakamba zoona. Koma ona, zonse izi zili na bene bake. Nikasiliza, babwela, batenga makiyi, bayenda. Iyi yeka ndiye makiyi yake yagona mu thumba yanga."

Pamenepo anaitana mnyamata wina wa zaka ngati 19, amene anali atalumikiza kamakina pansi pa chiwongolero cha Impreza, akuwerenga makodi pa foni. Mnyamata uja ndi wanzeru, ba mudala amavomereza. Motoka za lero zimanena zokha pamene pakupweteka, ndipo iye amadziwa kuzifunsa. Koma Datsun ilibe polumikiza kompyuta.

Anaika batire yobwereka, petulo mu chigubu cha malita asanu chopachika pa msomali. Ba mudala anatsegula tuzivundikiro pamwamba pa makabureta, kudontheza oilo pang'ono, kutseka. Kiyi yoyamba, injini inatsokomola. Yachiwiri, inalavula utsi wakuda. Yachitatu inagwira, ikunjenjemera monga munthu wa malungo, mabuloko akugwedezeka.

Ba mudala anatenga kachidutswa ka hosipaipi ya m'dimba, kupatsa mnyamata. Mbali imodzi pa khutu, ina pakamwa pa kabureta yoyamba, kenaka pa yachiwiri.

"Mvela. Zilila chimozimozi?"

"Awe ba mudala, iyi ya kumbuyo ikoka maningi."

"Manje bweza sikulu pang'ono. Pang'ono chabe, iwe! Siuli kutsegula pompi."

Mnyamata anatembenuza, kumvera, kutembenuzanso. Makabureta awiri ayenera kukoka mpweya wofanana, apo ayi masilinda awiri amadya kwambiri pamene ena awiri ali ndi njala. Patapita mphindi zingapo kunjenjemera kunatha. Injini inakhala pansi, ikulira mosalala, moti sipana imene inali kuvina pa mudigadi inaima. Anyamata onse anasiya nchito kubwera kudzaona. Ngakhale amai a pa kantemba anasuzumira pa geti, chikombe cha nsima chili m'manja. Mnyamata uja sanachotse paipi pa khutu, anali kungoseka yekha.

Ba mudala anaisiya kulira mphindi zisanu, n'kuzimitsa, chifukwa radiyeta ikali kudontha.

Cholinga chawo, ngati Mulungu alola, ndi kuiyendetsa mpaka ku Livingstone, makilomita oposa 470: kuwoloka mlatho wa Kafue, kukwera mapiri a Munali, Mazabuka, Monze, Choma, Kalomo. Akufuna akaone tauni imene inali kumanga mamotoka amene anaphunzirirapo nchito. Mnyamata wa hosipaipi wapempha kale mpando wa kutsogolo.

Pamene tinali kutuluka, kasitomala wa Mark X anali kulowa, foni m'manja, akufunsa ngati ba mudala aganizapo pa nkhani ija. Iwo anamuuza kuti abwere Lolemba adzatenge motoka yake, mabushi afika. Za Datsun sanatchule. Anabwerera kumbuyo, kukoka tenti, n'kuika miyala m'makona onse anai, chifukwa kumwamba cha ku Kanyama mitambo inali itayamba kusonkhana.

Ngati pali wina amene agogo ake anasiya Datsun 1600 kuseri kwa nyumba, galasi la kutsogolo likali lamoyo, musathamangire ku sikelo. Tsikani mu Mumbwa Road, mufunse pa kantemba ka nsima ndi kapenta. Amai aja adzakulozerani geti.