Wakuba wa masiku ano sabwera kumsika

Chulu chimene tinkakwerapo posaka netiweki kwathu ku Kandeu anachigumula, dothi lake anaumbira njerwa. Palibe amene wadandaula, poti lero foni imagwira ngakhale uli kuchipinda. Koma ine zandikhudza.

Masiku a Celtel, isanakhale Zain mu 2008 kenako Airtel mu 2010, mudzi wonse unkadalira foni ya amalume, Nokia ya tochi ija. Madzulo ife ana tinkatumidwa kukaima nayo pachulu, mkono uli m'mwamba, kudikira kuti achimwene a ku Joni aimbe. Ikangolira, liwiro kukaitana agogo, iwo n'kumabwera akukonza chitenje ngati akukalandira mlendo. Ankayamba ndi malonje, kenako za mvula, za mbuzi, za maliro, mayunitsi a eni ake akutha. Batire linkakhala masiku angapo osathima. Chitetezo cha foniyo chinali thumba la jekete la amalume, basi. Wofuna kuiba ankayenera kubwera yekha tsiku la msika, ndi manja ake ndi nkhope yake, ndipo akagwidwa aliyense ankadziwa kuti ndi mwana wa yani. Atafika mafoni a Bluetooth tinkangoisiya yoyatsa, n'kumagawana nyimbo za Lucius Banda ndi munthu wosamudziwa m'minibasi.

Inde, kutchaja unali ulendo wa panjinga. Koma mtima unali m'malo.

Lero m'foni muli ndalama. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba ya TNM n'kutsatira, ndipo akuba anasamukira momwemo. MACRA inalamula mu 2018 kuti nambala iliyonse ilembetsedwe, koma mauthenga oti ndalama ija mutumize pa nambala iyi sanaleke. Kumaiko akunja nako kuli kachipangizo kokwana m'dzanja kotchedwa Flipper Zero, kamene mu 2023 anthu ena ankasokoneza nako ma iPhone kudzera pa Bluetooth yomweyo mpaka foni kuuma, osaikhudza n'komwe. Kampani ya Apple inatseka mpatawo mu Disembala chaka chomwecho potulutsa iOS 17.2. Ife a itel ndi Tecno, foni ikapempha update timangoti mawa, chifukwa bandulo yake ndi ndalama ya ndiwo.

Inu a kwathu, nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale aimbe mwaulemu chotani, ndipo tsiku lomwe mwapeza kabandulo, update ija muilole.