Tebulo la bawo la amalume ku Chisepo

Inu a malonda, matochi akufa amene mumataya kuseri kwa benchi aja ndi ndalama. Ine ndinkaseka anthu otola zinyalala, koma amalume anga a ku Chisepo, m'boma la Dowa, ananditseka pakamwa.

Amalumewa ndi mmisiri wa matabwa. Mipando ya pulasitiki itabwera, maoda anayamba kusowa. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya matabwa ndi misomali inakwera moti anapachika sowo. Banja linkadalira zitumbuwa za mayi a kunyumba kwawo, koma dzuwa likalowa pamsika pankangoti zii, zitumbuwa n'kubwerera kunyumba zili m'beseni.

Tsiku lina anandiimbira foni. "Mphwanga, ukamabwera unditolere matochi akufa ku Lilongwe." Ndinaganiza kuti mutu wawo wayamba kusokonekera, komabe ndinazungulira msika wa Tsoka n'kudzaza jumbo. Anyamata ogulitsa mafoni anandiseka zedi.

Nditafika ndinapeza atapala chitseko chakale cha mlombwa chochokera m'nyumba yogumuka. Anagoba maenje 32, mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, osaiwala nyumba ziwiri zamakona anayi. Miyendo anadula ku zitsulo za ngolo yothyoka. Batire linali la njinga yamoto, sola inali yong'aluka pakona koma yogwira ntchito.

Ulendo woyamba tinalumikiza timababu ta m'matochi molunjika ku batire. Tinangoti phethi, kenaka utsi! Mnyamata wokonza mawailesi ndiye anatiuza kuti batire ndi la mavoti 12 pamene kababu kamodzi kamafuna pafupifupi atatu, choncho tizimanga tinayi motsatizana. Tinativeka mabotolo a pulasitiki odula pakati kuopa mvula. Poyamba tinatiika m'mphepete mwa tebulo, koma mthunzi unkadzaza m'maenje, anthu n'kumanenana kuti wina wabisa nkhomo. Amalume anakhoma mtengo wautali kuti kuwala kuzichokera pamwamba. Nkhomo zonse 64 zinayamba kuoneka bwino lomwe.

Anthuni, bawo imakoka anthu! Azibambo ankatakata mpaka 9 koloko usiku, oonerera atazungulira, aliyense akulangiza ngati katswiri. Beseni la zitumbuwa linkatha. Wa tchipisi anasendeza chiwaya chake pafupi, wa mtedza nayenso. Osewera ankaponya kangachepe kosamalira batire. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.

Koma fodya atagulidwa, ndalama zitalowa m'matumba, zinthu zinasintha. Anyamata anayamba kubetcha, bawo inasanduka juga. Bambo wina anadyetsa ndalama za feteleza usiku umodzi wokha. M'mawa mwake akazi awo anafika ndi mwana kumsana. Sanatukwane ayi. Anangoima patsogolo pa amalume n'kufunsa, "Bambo, magetsi anuwa munawaikira kuti ana anga agone ndi njala?"

Amalume sanayankhe. Madzulo amenewo sanayatse, ndipo zitumbuwa zinabwereranso kunyumba. Ine ndinawauza kuti mlandu si wawo, munthu wamkulu amadziwa yekha chochita ndi thumba lake. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Wayatsa moto ndiye amayang'anira kumene ukupita."

Patapita masiku atatu anachotsa switchi patebulo n'kuikhoma pafupi ndi mpando wawo. Lamulo ndi limodzi: ndalama ikangooneka pabawo, magetsi azima. Obetcha anakwiya nasamukira kumalo omwera mowa, ndipo malonda anatsikako ndithu, sindinama. Koma akuluakulu amene anathawa phokoso anabwerera, ena akumabwera ndi adzukulu kudzawaphunzitsa kutakata.

Tsopano amalume alandira oda ya tebulo lina kuchokera ku Mponela. Auza mwini wake kuti switchi ikhale pafupi ndi dzanja lake, apo ayi sapanga. Ndiye inu a mumsika, mukaona mnyamata atanyamula jumbo akufunsa matochi akufa, musamuseke. Ndine amene, ndatumidwa ndi amalume.